Mgodi wa malasha usatsegulidwe popanda chikole

Ku Mwabulambo m'boma la Karonga ntchito yokumba malasha idaima m'chaka cha 2015. Kampani ya Eland Coal Mining, yomwe idakumba kumeneko kwa zaka zingapo, idalongedza zake n'kupita, koma maenje adatsala. Bungwe la Human Rights Watch litatulutsa lipoti lake la migodi ya ku Karonga mu Sepitembala 2016, lidafotokoza za maenje osakwiriridwa omwe amadzaza madzi, milu ya malasha yosiyidwa pamtetete, ndi mabanja oyandikana nawo omwe sadauzidwe bwino kuopsa kwa zomwe zidawatsalirazo. Funso lomwe Mwabulambo akutifunsa tonse ndi lakuti, pa tsiku lomwe makina adazimitsidwa, boma lidali ndi chiyani m'manja chokakamizira kampani kukwirira maenjewo? Kuwopseza kulanda chiphaso sikugwira munthu yemwe chiphasocho sakuchifunanso. Mphamvu za boma pa mgodi zimakhala zochuluka fosholo yoyamba isanalowe m'nthaka, zimacheperachepera malasha akamatha, ndipo zimatheratu lole yomaliza ikatuluka. N'chifukwa chake ndikunena kuti mgodi wa malasha usamatsegulidwe mwini wake asanapereke chikole cha ndalama zokwanira kuutseka ndi kubwezeretsa malowo, ndipo anthu okhala pafupi azidziwa kuchuluka kwa chikolecho ndi komwe chikusungidwa.

Malasha timawafuna, ndipo nkhaniyi siyofuna kutseka migodi. Mafakitale a simenti, okonza fodya, opanga nsalu ndi zakumwa amadalira malasha pa moto wawo, ndipo akasowa kuno amakawagula ku Moatize m'dziko la Mozambique ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Fakitale ikasowa malasha n'kuyamba kusaka nkhuni, nkhalango zathu ndizo zimalipira. Migodi ya Kaziwiziwi ndi Mchenga ku Rumphi idayamba m'zaka za m'ma 1980 pansi pa kampani ya boma, ndipo Mchenga idagulitsidwa kwa anthu wamba mu 1999. Kuyambira pamenepo udindo wa boma udasintha. Lidasiya kukhala mwini mgodi n'kukhala woyang'anira eni migodi, koma lidalowa ntchito yatsopanoyi ndi lamulo lakale la 1981, lomwe lidaika miyala yonse ya pansi pa nthaka m'manja mwa mtsogoleri wa dziko ndipo silidalabadire kwenikweni za mlimi wokhala pamwamba pa miyalayo. Migodi ya ku Karonga idatsegulidwa lamulo limeneli likugwirabe ntchito.

Chomwe chimachititsa kuti chikole chikhale chofunika pa malasha n'chakuti mavuto ake aakulu amabwera ndalama zitasiya kulowa. Mgodi ukamagwira ntchito, pampu imachotsa madzi m'dzenje, alonda amaletsa ana kuyandikira, ndipo pali ofesi yokadandaulako za fumbi. Ukatsekedwa, pampu imaima, dzenje limadzaza. M'miyala yambiri yopezeka ndi malasha mumakhala mtapo wa chitsulo ndi sulufule, womwe ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi. Asidiyo amasungunula zitsulo zina m'miyala, ndipo madzi oterowo akasefukira nthawi ya dzinja amalowa m'mitsinje, m'madimba ndi m'minda ya mpunga. Zimenezi zikhoza kupitirira zaka makumimakumi. Milu ya malasha otsala imatha kuyaka yokha, ndipo moto wolowa pansi pa nthaka suzimitsika msanga. Ku Hwange m'dziko la Zimbabwe ana akhala akupsa miyendo ataponda nthaka yooneka yabwinobwino pamwamba koma ikunyeka pansi. Mgodi wa pansi ukasiyidwa, denga lake limagwa pang'onopang'ono, nthaka ya pamwamba n'kutitimira, nyumba n'kung'ambika. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Kampani ya mgodi ndi mlendo wotere, imakamuka dzuwa likakwera, pomwe mwini mudzi alibe kwina kopita, manda a makolo ake ali pomwepo.

Tiyenera kuvomereza kuti malamulo athu asintha, ndipo asinthira kwabwino. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limayenera kuunika m'mene ntchito ikhudzire chilengedwe ndi anthu isanayambe. Lamulo la migodi la 1981 lidalowedwa m'malo ndi la 2019, kenako la 2023, lomwe lidabweretsa bungwe lapadera loyang'anira migodi. Malamulo atsopanowa amafuna kuti kampani ionetse ndondomeko ya m'mene idzakonzere malo ikadzamaliza kukumba. Adabweretsanso mgwirizano wa chitukuko pakati pa kampani ndi anthu a m'dera, wakuti mwini mgodi waukulu azigwiritsa ntchito 0.45 peresenti ya ndalama zomwe wagulitsa pachaka potukula midzi yozungulira. Komatu 0.45 peresenti ndi K4,500 pa K1 miliyoni iliyonse. Ndalama zotere zikhoza kukumba mjigo kapena kufolera kalasi, koma sizingakwirire dzenje kapena kuyeretsa mtsinje. Zimabwera pokhapokha malasha akugulitsidwa, kutanthauza kuti zimauma pa nthawi yomwe mudzi ukuzifunitsitsa. Ndiponso udindowu ndi wa migodi ikuluikulu, pomwe dzenje la mgodi wocheperako limamiza mwana chimodzimodzi. Ndondomeko yotsekera mgodi nayo ndi pepala chabe ngati kumbuyo kwake kulibe ndalama zomwe boma lingazigwire kampani ikathawa kapena ikagwa.

Mawu akuti chikole si achilendo kwa aliyense. Wokongola ndalama amasiya njinga kapena wailesi, akabweza ngongole amakatenga katundu wake. Palibe amene amati wobwereketsayo wamunyoza, popeza aliyense amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chikole cha mgodi chiyende motere. Chiphaso chisanaperekedwe, akatswiri osadalira kampani awerengere mtengo wokwirira maenje, kutseka makomo a mgodi, kuchotsa milu ya zotsala, kubwezera dothi la pamwamba, kubzala mitengo ndi kuyeza madzi kwa zaka zingapo mgodi utatsekedwa. Mtengowo uwerengedwe ngati kuti ntchitoyo idzagwiridwa ndi kontilakitala wolembedwa ndi boma, chifukwa ndi m'mene zimakhalira kampani ikasowa. Ndalamazo zisungidwe kubanki, kapena banki ilembe chitsimikizo choti idzalipira ikangofunsidwa. Chaka chilichonse chikole chiunikidwenso molingana ndi kukula kwa dzenje ndi mphamvu ya kwacha, popeza tidaona mu Novembala 2023 kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chikole chowerengedwa zaka khumi zapitazo sichingagule dizilo wa lero. Kampani ikakonza gawo lina la malo, ibwezeredwe gawo la ndalama zake. Potero mwini mgodi amakhala ndi chifukwa chokwirira kumbuyo uku akukumba kutsogolo, m'malo mounjika ntchito yonse kudikira tsiku lomwe thumba lake lidzakhale lopanda kanthu.

Maiko omwe adakumba malasha kale kuposa ife adaphunzira zimenezi mowawa. Ku South Africa kuli migodi yosiyidwa pafupifupi 6,000 ya miyala yosiyanasiyana, yambiri mwa iyo yokumbidwa malamulo a chikole asanakhwime, ndipo udindo woikonza udagwera boma, ndiye kuti okhoma msonkho. Ku America lamulo la 1977 lidalamula kuti mwini mgodi wa malasha azipereka chikole asanayambe kukumba, komanso kuti tani iliyonse ya malasha izilipira kandalama kokonzera migodi yomwe idasiyidwa kale. Koma lamulo lomwelo lidasiya mpata woti makampani ooneka olemera azingolonjeza osaika ndalama pambali. M'zaka za 2015 ndi 2016 makampani atatu aakulu, Alpha Natural Resources, Arch Coal ndi Peabody Energy, adalengeza kuti alephera kubweza ngongole zawo, ndipo maboma a zigawo adazindikira kuti chomwe adagwira m'manja chidali lonjezo la kampani yomwe yagwa. Phunziro lake n'lakuti chikole chikhale ndalama zenizeni zosungidwa kunja kwa kampani, ngakhale kampaniyo itchuke bwanji.

Chikole chokha sichikwanira ngati palibe yemwe akudziwa m'mene malowo adaliri poyamba. Kampani iliyonse ikafunsidwa za madzi oipa imatha kuyankha kuti adali otero kale, ikafunsidwa za chifuwa imatha kuloza utsi wa nkhuni m'khitchini, ndipo mayi wa m'mudzi alibe pepala loitsutsira. Limodzi mwa madandaulo aakulu omwe lipoti la 2016 lidapeza ku Karonga lidali lakuti anthu sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi, ndipo panalibe kalondolondo wokwanira wa thanzi lawo. Choncho mgodi usanayambe, madzi a m'mijigo, m'zitsime ndi m'mitsinje ayezedwe m'chilimwe ndi m'dzinja, nyumba zoyandikana zijambulidwe, zokolola za m'minda zilembedwe, ndipo chipatala cha m'deralo chisunge chiwerengero cha matenda a m'chifuwa. Zotsatirazo zimatidwe kwa mfumu, kusukulu, kutchalitchi ndi kukhonsolo, m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, ndipo ziwerengedwe pa msonkhano kuti osadziwa kuwerenga amve. Amayi ndi amene amatunga madzi, kuchapa ndi kulima dimba, ndiye ndi amene amayamba kuona madzi akasintha mtundu kapena kakomedwe, ndipo msonkhano womwe iwo sadayankhulepo usamawerengedwe kuti anthu afunsidwa. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wopeza zomwe boma likudziwa, ndipo lamulo lothandiza ufuluwu lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Koma mlimi wa ku Mwabulambo sayenera kulemba kalata ku Lilongwe kuti adziwe zomwe zili m'madzi omwe mwana wake akumwa. Boma limufikire nazo pakhomo.

Alipo omwe amatsutsa ponena kuti chikole chithamangitsa oika ndalama, pomwe masomphenya a Malawi 2063 akudalira migodi ndipo gawoli likubweretsabe pafupifupi 1 peresenti yokha ya chuma cha dziko. Nkhawayi ndi yomveka, chifukwa ndalama yosungidwa kubanki ndi ndalama yomwe ikadagula makina. Koma tifunse kuti ndani kwenikweni amene angathawe. Kampani yomwe idawerengera kale mtengo wotseka mgodi siitaya kanthu, ndalama zake idzazitenga ikamaliza ntchito, ndipo makampani omwe amagwira ntchito ku Australia, ku Canada kapena ku South Africa adazolowera kale kupereka chikole kwawoko. Amene angabwerere pakhomo ndi yemwe phindu lake limadalira kusiya dzenje losakwirira. Mgodi womwe sungapindule ukalipira mtengo woutseka ndi mgodi wopanda phindu kuyambira pachiyambi, kungoti chitayiko chake chimasenzetsedwa mlimi wa mpunga ndi wokhoma msonkho. Mtengo wokwirira dzenje ulipo ndithu, chikole chilipo kapena palibe. Chomwe tikusankha n'chakuti aulipire ndani, yemwe adagulitsa malasha kapena yemwe adangopuma fumbi lake.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo chimachokera kwa anthu omwe amakonda dziko lawo. Iwo amati ndalama zikapita m'manja mwa boma zidzasowa, ndipo amakumbutsa za kubedwa kwa ndalama za boma komwe kudaululika mu 2013. Sitingawauze kuti mantha awo alibe maziko. Yankho lake lili pa kasungidwe. Chikole chisalowe m'thumba lalikulu la boma momwe ndalama zimasakanikirana ndi za malipiro ndi maulendo. Mgodi uliwonse ukhale ndi akaunti yakeyake, yomwe singatsegulidwe popanda kusayinira kwa bungwe loyang'anira migodi, la MEPA ndi khonsolo ya boma lomwe mgodi uli, nthumwi zosankhidwa ndi anthu a m'deralo zitayendera malo n'kuchitira umboni kuti ntchito yagwirikadi. Dziko lino lidalowa m'mgwirizano wa maiko wa EITI mu 2015, womwe umafuna kuti ndalama zomwe makampani a migodi amapereka ku boma zizilengezedwa poyera. Malipoti omwewo akhoza kuonetsa mgodi uliwonse, chikole chake, banki yomwe chili ndi tsiku lomwe chidaunikidwa komaliza. Ndalama yomwe mudzi wonse ukudziwa kuchuluka kwake imavuta kuba kuposa ndalama yodziwika ndi anthu atatu mu ofesi.

Ena amadandaulira eni migodi ing'onoing'ono, ambiri mwa iwo Amalawi anzathu, omwe sangapeze ndalama zambiri nthawi imodzi, komanso anyamata omwe angataye ntchito ku Rumphi ndi ku Karonga komwe ntchito zolembedwa n'zosowa. Apa lamulo likhoza kufewa pa kaperekedwe osafewa pa mfundo. Chikole chimayenderana ndi kukula kwa malo osokonezedwa, ndiye wokumba pang'ono amapereka pang'ono, ndipo akhoza kuyamba ndi gawo loyamba n'kumawonjezera pa tani iliyonse yomwe wagulitsa, bola dzenje lisakule kuposa ndalama zomwe zasungidwa. Ntchito yokwirira, kusalaza ndi kubzala mitengo nayonso imalemba anthu, ndipo imabwera pa nthawi yomwe ntchito yokumba yatha. Palinso omwe amati vuto lathu lenileni ndi kuchepa kwa oyendera migodi, magalimoto ndi zipangizo zoyezera madzi. N'zoona, ndipo gawo la ndalama zomwe boma limatolera ku migodi liyenera kulipira oyendera okhazikika ku Karonga ndi ku Rumphi, omwe safunika kupemphetsa mafuta kwa kampani yomwe akukaiyendera. Koma kuchepa kwa oyendera kukulimbikitsa mfundo ya chikole. Boma lomwe silingafike pa mgodi mwezi uliwonse likufunika kwambiri njira yomwe imachititsa mwini mgodi kudziyang'anira yekha chifukwa ndalama zake zili m'manja mwa ena.

Tikayang'ana kutsidya kwa malire ku Tete, komwe kuli abale athu oyankhula Chinyanja ndi Chinyungwe, tiona kuti kukula kwa kampani si chitetezo. Kampani ya Vale ya ku Brazil idasamutsa mabanja oposa 1,300 m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti itsegule mgodi wa Moatize. Ambiri adapititsidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, ndipo adadandaula za nthaka yosabereka ndi nyumba zong'ambika. Mu Januwale 2012 adatseka njanji yonyamula malasha kuti amvedwe. Patapita zaka khumi, mu 2022, Vale idagulitsa mgodiwo pamodzi ndi njanji ya ku Nacala, yomwe imadutsa m'dziko lathu lino, kwa kampani ya Vulcan. Eni migodi amasintha, maina amasintha, mabwana omwe adalonjeza pansi pa mtengo amakwera ndege. Maiko ambiri ndi mabanki akuluakulu akuchoka ku malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo, choncho kugulitsana migodi ndi kuitseka mwadzidzidzi kudzachuluka. Chikole chiyenera kumamatira ku mgodi, ndipo boma lisavomereze kusintha kwa umwini mpaka mwini watsopano ataika chake chokwanira.

Izi zonse zikuteteza midzi ya mawa, ya ku Ngana, ku Lufira, ku Livingstonia, ngakhale ya ku Lengwe ndi Mwabvi m'chigwa cha Shire komwe nakonso kuli malasha. Koma malo omwe adasiyidwa kale sangadikire. Boma ndi lomwe lidapereka ziphaso, ndi lomwe lidatolera misonkho, ndipo gawo 13 la malamulo aakulu a dziko limalipatsa udindo wosamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo abwino, poganiziranso mibadwo yobwera. Likalephera kupeza mwini dzenje, dzenjelo ndi lake. Liwerenge migodi yonse ya malasha yosiyidwa, liitchinge ndi mpanda, liyeze madzi ake, liuze anthu zomwe lapeza, ndipo likhazikitse thumba lokonzera malowa kuchokera ku kandalama ka pa tani iliyonse ya malasha okumbidwa kuno ndi olowa kuchokera kunja. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, makamaka a komiti yoona zachilengedwe, ali ndi funso limodzi losavuta loti afunse nduna ya zamigodi pa mgodi uliwonse womwe ukukumba lero: ukatsekedwa mawa m'mawa, ndalama zoukwirira zilipo zingati, ndipo zili kubanki iti? Mafumu nawo, asanalandire mlendo wobwera ndi mapu ndi malonjezo a sukulu, afunse funso lomwelo pamaso pa anthu awo. Madzi akatayika saoleka, ndipo ku Mwabulambo tidaona m'mene amatayikira. Komwe fosholo isanalowe, mtsuko udakali m'manja mwathu.